Kupeza resistance ndi ma watt kuchokera pa voltage ndi current

Pa chipangizo chilichonse chamagetsi pali manambala anayi amene amatiuza zimene zikuchitika mkati mwake: voltage, current, resistance ndi mphamvu. Awiri oyambawo amayezeka chipangizocho chili mkati mogwira ntchito. Awiri enawo kawirikawiri timachita kuwerengetsa. Masamu ake ndi kugawa ndi kuchulukitsa basi, koma anthu amene amawotcha ma resistor (tizipangizo tochepetsa current), kusungunula mawaya kapena kupsereza fyuzi ya multimeter (chipangizo choyezera magetsi) sakhala kuti masamuwo awakanika. Nthawi zambiri amakhala atatenga voltage ya pamalo ena n'kuiphatikiza ndi current ya pamalo ena, kapena aganiza kuti resistance ya chinthu siisintha pamene imasintha.

Tigwirizane kaye pa mawu, popeza pa Chichewa "mphamvu ya magetsi" timaitchula pa zinthu zitatu zosiyana. Voltage ndi kukankha kumene kumayendetsa magetsi, ndipo nthawi zonse imakhala ya pakati pa malo awiri. Palibe voltage ya malo amodzi. Imayezedwa mu ma volt, chizindikiro chake V. Current ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pamalo pa sekondi iliyonse. Imayezedwa mu ma amp, chizindikiro A, koma m'masamu imalembedwa ndi chilembo I. Resistance ndi mmene chinthu chimakanizira current kudutsa, mu ma ohm, chizindikiro Ω, m'masamu R. Mawu oti mphamvu tiwasungira chinthu chimodzi chokha: liwiro limene magetsi akusandukira kutentha, kuwala kapena kuzungulira kwa mota. Imeneyi imayezedwa mu ma watt, chizindikiro W, m'masamu P. Maina onsewa ndi a anthu: Alessandro Volta wa ku Italy, André-Marie Ampère wa ku France, Georg Simon Ohm wa ku Germany ndi James Watt wa ku Scotland.

Malamulo awiri

Mu 1827 Ohm anasindikiza zimene anapeza poyesa mawaya a utali ndi kukula kosiyanasiyana: current yodutsa mu waya imakula molingana ndi voltage imene ili pakati pa nsonga zake ziwiri. Lero timalemba kuti V = I × R. Mukafuna resistance mumatembenuza: R = V ÷ I. Mukafuna current: I = V ÷ R.

Lamulo lachiwiri ndi la mphamvu: P = V × I.

Tiyerekeze kuti mwalumikiza kachipangizo kotenthetsa ku batire, mwayeza pa miyendo yake mwapeza 12 V, ndipo current ndi 0.5 A. Resistance yake ndi 12 ÷ 0.5 = 24 Ω. Mphamvu ndi 12 × 0.5 = 6 W. Manambala awiri oyezedwa atipatsa awiri otsalawo.

Mukalowetsa lamulo loyamba m'lachiwiri mumapeza njira zina ziwiri zopezera mphamvu yomweyo. Pamalo pa V ikanipo I × R, mupeza P = I² × R. Pamalo pa I ikanipo V ÷ R, mupeza P = V² ÷ R. Kachiwiri kakang'onoko kakutanthauza kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe. Tiyese pa chitsanzo chathu: 0.5 × 0.5 × 24 = 6 W, ndipo 12 × 12 ÷ 24 = 6 W. Njira zitatu, yankho limodzi. Ndi bwino kuzolowera kuwerengetsa m'njira ziwiri nthawi zonse, chifukwa mayankho akasiyana mumadziwiratu kuti nambala ina yalowa molakwika musanagule kapena kulumikiza chilichonse. Mfundo yoti kutentha kwa waya kumayenderana ndi I² × R anaitsimikiza ndi James Prescott Joule wa ku England cha m'ma 1840 ndi 1841.

Kachiwiri kameneko musakapeputse. Kakutanthauza kuti current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ikawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza ka 9. Ndi chimodzimodzi ndi voltage pa chinthu chimene resistance yake siisintha. Chotenthetsera cha 1,000 W chopangidwira magetsi a 120 V chili ndi resistance ya 120 × 120 ÷ 1,000 = 14.4 Ω. Wina akachilowetsa pa 230 V, resistance ikadali 14.4 Ω, choncho mphamvu imakhala 230 × 230 ÷ 14.4, pafupifupi 3,670 W. Voltage sinafike n'kuwirikiza kawiri komwe, koma kutentha kwapitirira katatu ndi theka, ndipo chipangizocho chimapsa. Kumbali inayo, voltage ikatsika ndi 10 peresenti, kuchoka pa 230 V kufika pa 207 V, ketulo ya 2,000 W imangopereka 1,620 W. Yatsika ndi 19 peresenti, n'chifukwa chake madzi amachedwa kuwira kuposa mmene munthu angaganizire poona kutsika kwa voltage kokha.

Milli ndi kilo

Malamulowa amagwira ntchito manambala akakhala mu ma volt, ma amp, ma ohm ndi ma watt enieni. Koma zipangizo zing'onozing'ono zimalembedwa mu mA, ndipo ma resistor ambiri amalembedwa mu kΩ. 1 mA ndi 0.001 A, choncho 20 mA ndi 0.02 A. 1 kΩ ndi 1,000 Ω, choncho 4.7 kΩ, imene ena amalemba 4k7, ndi 4,700 Ω. Munthu akagawa 5 V ndi 2 pamene current ili 2 mA, amapeza 2.5 n'kulemba 2.5 Ω, pomwe yankho ndi 2,500 Ω. Walakwitsa ka 1,000. Njira yachidule yothandiza ndi iyi: ma volt ogawidwa ndi mA amapereka kΩ, ndipo ma volt ochulukitsidwa ndi mA amapereka mW. Choncho 5 V ndi 2 mA ndi 2.5 kΩ komanso 10 mW.

Voltage ya pati?

Apa ndiye pagona nkhani. V, I ndi R ziyenera kukhala za chinthu chimodzi chomwecho, pa nthawi imodzi yomweyo. V ndi voltage imene ili pa miyendo iwiri ya chinthu chimene mukuwerengeracho, osati imene yalembedwa pa batire.

Tengani batire la 9 V ndi ma resistor awiri, wina wa 100 Ω wina wa 220 Ω, muwalumikize mondondozana, mwendo wa woyamba kulumikiza ku mwendo wa wachiwiri. Amisiri amati series. Magetsi ali ndi njira imodzi yokha, choncho current ndi yofanana monsemo, ndipo ma resistance amaphatikizana: 100 + 220 = 320 Ω. Current ndi 9 ÷ 320, pafupifupi 0.028 A. Voltage ya batire ija imagawika: pa resistor ya 100 Ω pali pafupifupi 2.8 V, pa ya 220 Ω pali pafupifupi 6.2 V. Mukaziphatikiza zimabwerera pa 9 V, ndipo zikapanda kubwerera ndiye kuti pena palakwika. Mphamvu pa resistor yaing'ono ndi 0.08 W, pa yaikulu ndi 0.17 W. Wina akangotenga 9 V n'kuwerengetsa 9 × 9 ÷ 100, apeza 0.81 W, nambala yoposa yoona ka 10, chifukwa resistor ya 100 Ω siikuona 9 V yonse.

Tsopano alumikizeni mbali ndi mbali, aliyense miyendo yake yonse ifike ku batire. Amisiri amati parallel. Apa chofanana ndi voltage: aliyense akuona 9 V. Current ndiyo imagawika. Pa 100 Ω pakudutsa 0.09 A, pa 220 Ω pakudutsa pafupifupi 0.041 A, zonse pamodzi 0.131 A. Resistance ya onse awiri pamodzi ndi 9 ÷ 0.131, pafupifupi 69 Ω, ndipo mutha kuipezanso pochulukitsa awiriwo n'kugawa ndi kuphatikiza kwawo: 22,000 ÷ 320 = 68.75 Ω. Nambala imeneyi nthawi zonse imakhala yochepa kuposa resistor yochepetsetsa pa gululo. Mphamvu tsopano ndi 0.81 W pa resistor ya 100 Ω ndi 0.37 W pa ya 220 Ω.

Taonani mmene zatembenukira. Pa series yotentha kwambiri ndi resistor yaikulu, pa parallel yotentha kwambiri ndi yaing'ono. Ophunzira ambiri amasokonezeka poona kuti P = I² × R ikunena kuti resistance ikakula mphamvu imakula, pamene P = V² ÷ R ikunena kuti resistance ikakula mphamvu imachepa. Palibe kutsutsana. Funso ndi loti chimene chagwiridwa osasintha ndi chiti. Ngati ndi current, gwiritsani ntchito yoyamba. Ngati ndi voltage, monga pa soketi kapena pa batire, gwiritsani ntchito yachiwiri. Zipangizo za m'nyumba zimalumikizidwa parallel, n'chifukwa chake chipangizo cha ma watt ambiri chimakhala ndi resistance yochepa: ketulo ya 2,000 W pa 230 V imakoka pafupifupi 8.7 A ndipo resistance yake ndi pafupifupi 26 Ω, pamene babu lakale la 60 W lili ndi pafupifupi 880 Ω likayaka.

Kusankha resistor ya LED

Chitsanzo chimene mfundoyi imaonekera bwino ndi LED, kababu kakang'ono ka pa zipangizo za electronics. LED yofiira yaing'ono imafuna pafupifupi 2 V ndi current yosapitirira 20 mA. Mukufuna kuiyatsa pa 12 V. Resistor ili pa series ndi LED, choncho pa resistor patsala 12 − 2 = 10 V. Resistance yofunika ndi 10 ÷ 0.02 = 500 Ω. Ma resistor amapangidwa m'manambala okhazikika, ndipo oyandikira amene amapezeka kwambiri ndi 470 Ω ndi 560 Ω. Wa 470 Ω apereka 21 mA, kupitirira pang'ono malire. Wa 560 Ω apereka pafupifupi 18 mA, ndipo diso silingaone kusiyana kwa kuwala. Sankhani 560 Ω, wa mizere yobiriwira, yabuluu ndi yabulauni.

Ambiri amalekera pomwepa, koma ntchito sinathe. Resistor ili ndi manambala awiri, ma ohm ndi ma watt amene ingapirire. Mphamvu pa resistor yathu ndi 10 × 10 ÷ 560, pafupifupi 0.18 W. Resistor wamba ya 0.25 W ipirira, koma izikhala yotentha ndithu, makamaka m'kabokosi kotsekeka. Chizolowezi chabwino ndi kusankha yopirira kawiri kuposa zimene mwawerengetsa, choncho apa ya 0.5 W ndiyo yoyenera. Ndipo ngati 12 V imeneyi ndi ya galimoto, injini ikalira voltage imakwera kufika cha m'ma 14 V. Pa 14.4 V resistor ikuona 12.4 V, current ndi 22 mA, mphamvu ndi 0.27 W, ndipo ya 0.25 W ija yapitirira kale malire ake. Werengetsani ndi voltage yokwera kwambiri imene chipangizo chidzakumane nayo, osati yolembedwa pa pepala.

Kuyeza osawononga multimeter

Voltage imayezedwa mbali ndi mbali: nsonga ziwiri za multimeter zimakhudza miyendo iwiri ya chinthucho, osadula waya uliwonse. Pa ntchito imeneyi multimeter ya digito imakhala ndi resistance yaikulu kwambiri mkati, kawirikawiri 10 MΩ, kutanthauza ma ohm 10 miliyoni, kuti isasokoneze zimene ikuyeza.

Current imayezedwa mondondozana: mumadula njira ya magetsi n'kulowetsa multimeter pakati kuti current yonse idutse mkati mwake. Chingwe chofiira chimachoka pa bowo la V n'kupita pa bowo la mA kapena la 10 A. Pa mabowo amenewa multimeter imakhala ngati kachidutswa ka waya, resistance yake ndi yochepetsetsa. Choncho munthu akaiwala chingwe pa bowo la 10 A n'kukhudza nsonga ziwiri za batire kapena za soketi kuti ayeze voltage, wapanga shoti. Fyuzi ya mkati imapsa, ndipo pa multimeter yopanda fyuzi pa bowo limenelo zingwe zimatha kusungunuka m'manja. Mukangomaliza kuyeza current, bwezerani chingwe pa bowo la V nthawi yomweyo. Ngati simukudziwa kukula kwa current, yambani ndi bowo la 10 A.

Pa magetsi a m'nyumba, njira yotetezeka ndi clamp meter, imene imakumbatira waya osaudula. Ikumbatire waya mmodzi yekha. Ikakumbatira chingwe chonse chokhala ndi waya wopita ndi wobwerera imawerenga ziro, chifukwa ma current awiriwo akuyenda mosemphana ndipo mphamvu zawo za maginito zimafafanizana. Dziwaninso kuti ma clamp meter ena amayeza AC yokha (magetsi osinthasintha mbali, monga a pa soketi), sangakuthandizeni pa batire.

Lamulo la Ohm limagwiranso ntchito pa thupi la munthu. Khungu likanyowa, resistance ya thupi imatha kutsika kufika cha m'ma 1,000 Ω, ndipo 230 ÷ 1,000 ndi 230 mA. Zipangizo zoteteza anthu, ma RCD, zimapangidwa kuti zizidula magetsi pa 30 mA. Amene sanaphunzitsidwe ntchito ya magetsi a m'nyumba aphunzirire kuyeza pa mabatire ndi pa zipangizo za voltage yochepa.

Multimeter imathanso kuyeza resistance mwachindunji, koma imachita zimenezi potumiza current yakeyake yaing'ono n'kuyeza voltage, kenako n'kugawa monga tachitira pamwambapa. Ndiye magetsi ayenera kukhala ozima, ndipo ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) akhale atakhuthulidwa, apo ayi nambala imakhala yabodza kapena chipangizocho chimawonongeka. Resistor imene idakali pa bolodi imaonetsa nambala yochepa chifukwa pali njira zina za parallel. Chotsani mwendo umodzi. Pa resistance yaikulu musagwire nsonga zonse ziwiri ndi zala, chifukwa thupi lanu likhala parallel ndi chinthucho. Pa resistance yaing'ono, gundanitsani kaye nsonga ziwiri muone resistance ya zingwe zokha, imene imakhala timagawo tochepa ta ohm, kenako muichotsere pa yankho.

Zinthu zimene resistance yake imasintha

Kugawa V ndi I kumapereka nambala nthawi zonse, koma si nthawi zonse pamene nambalayo mungaigwiritse ntchito pa voltage ina. Tengani babu lakale la 60 W lija. Likayaka resistance yake ndi pafupifupi 880 Ω. Mukaliyeza lozizira ndi multimeter mupeza cha m'ma 60 kapena 70 Ω. Babulo silinawonongeke. Kawaya ka mkati ndi ka tungsten, ndipo kakatentha kupitirira madigiri 2,000 resistance yake imakwera kuposa ka 10. Wina akatenga 65 Ω n'kuwerengetsa mphamvu apeza zoposa 800 W, zomwe si zoona kupatula pa kamphindi koyamba pamene switchi yangoyatsidwa. Pa kamphindi kameneko current imapitirira 3 A m'malo mwa 0.26 A, ndipo n'chifukwa chake mababu otere amakonda kupsa pa nthawi yoyatsa.

Mkuwa nawonso umasintha, ngakhale pang'ono: pafupifupi 0.39 peresenti pa digiri iliyonse. Waya wokulungidwa m'mota wa 10 Ω pa madigiri 20 amakhala pafupifupi 12.3 Ω pa madigiri 80. Koma waya wotenthetsa wa m'ketulo, m'simbi kapena m'chitofu ndi wa nichrome, amene resistance yake imangosintha pang'ono kwambiri. Pa zipangizo zimenezi kuyeza kozizira n'kodalirika, ndipo ndi njira yabwino yofufuzira vuto: werengetsani V² ÷ P kuchokera pa zolembedwa pa chipangizocho, kenako yezani. Ketulo ya 2,000 W iyenera kuonetsa cha m'ma 26 Ω switchi yake ili pa ON, ketuloyo itazulidwa pa soketi. Multimeter ikaonetsa OL (resistance yoposa imene ingayeze), njira yaduka penapake, mwina pa element (waya wotenthetsa uja), pa switchi kapena pa fyuzi ya kutentha.

LED ndi ma diode satsatira lamulo la Ohm n'komwe. Voltage ikakwera pang'ono chabe, current imalumpha kwambiri, choncho chimene chimaletsa current ndi resistor, osati LED. Ma charger a foni ndi a laputopu ali ndi khalidwe linanso: amayesetsa kupereka ma watt omwewo, ndiye voltage ya pa soketi ikatsika iwo amakoka current yambiri. Ketulo imachita mosiyana, voltage ikatsika current yake imatsikanso. Pa zinthu zonsezi P = V × I ikadali yoona pa DC (magetsi oyenda mbali imodzi, monga a batire); chimene muyenera kusamala nacho ndi R.

Pa AC

Magetsi a pa soketi amasinthasintha mbali ka 50 kapena ka 60 pa sekondi, malinga ndi dziko. Nambala ya 230 V ndi imene imatchedwa RMS, kutanthauza voltage ya DC imene ingatenthetse chinthu mofanana. Nsonga yeniyeni ya funde imafika pafupifupi 325 V. Pa zinthu zotenthetsa ndi mababu akale, masamu onse a pamwambapa amagwira ntchito ndi manambala a RMS popanda kusintha kalikonse.

Pa mota, transformer ndi zipangizo zambiri za electronics zinthu zimasiyana, chifukwa current siyendera limodzi ndi voltage. Mota yokoka 5 A pa 230 V imapereka 230 × 5 = 1,150, koma amenewa ndi ma VA, osati ma watt. Kuti mupeze ma watt mumachulukitsanso ndi power factor, nambala ya pakati pa 0 ndi 1 imene pa mota imalembedwa kuti cos φ. Ikakhala 0.8, mphamvu yeniyeni ndi 920 W. Waya, fyuzi, jenereta ndi inverter zimasankhidwa potengera ma amp ndi ma VA, popeza waya amatenthedwa ndi current yonse. Komanso 230 ÷ 5 = 46 Ω si resistance ya waya wa m'motamo; imeneyi imatchedwa impedance. Mukayeza waya wa m'mota ndi multimeter mupeza nambala yochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mota ikamazungulira imapanga voltage yakeyake yotsutsana ndi yolowa, ndipo imeneyi ndiyo imachepetsa current. Ikakanirira osazungulira, chotsutsacho chimasowa, current imakwera kangapo, ndipo waya wa mkati amapsa.

Waya nayenso ndi resistor

Waya wa mkuwa ali ndi resistance ya pafupifupi 0.0175 Ω pa mita imodzi ngati kukula kwake kuli 1 mm². Resistance imakula ndi utali, imachepa ndi kunenepa kwa waya: R = 0.0175 × utali ÷ kukula. Waya wa 2.5 mm² ali ndi 0.007 Ω pa mita. Chipangizo chikakhala pa mtunda wa mamita 10, waya ndi mamita 20, chifukwa magetsi amapita n'kubwerera, ndipo anthu ambiri amaiwala kuwirikiza kumeneku. Resistance yonse ndi 0.14 Ω.

Pa 10 A, m'waya mumatayika 10 × 0.14 = 1.4 V, ndipo waya amatentha ndi 10 × 10 × 0.14 = 14 W. Pa 230 V kutaya 1.4 V si kanthu, sikufika ngakhale 1 peresenti. Pa 12 V ndi pafupifupi 12 peresenti: batire likupereka 12 V koma chipangizo chikulandira 10.6 V, ndipo inverter kapena firiji ya DC imayamba kuzima yokha pamene batire lili bwinobwino. Munthu amaimba mlandu batire pamene vuto ndi waya. Yezani voltage ku batire ndi ku chipangizo, chipangizocho chili choyaka, ndipo kusiyana kwake mukakugawa ndi current mupeza resistance ya njira yonse.

Katundu yemweyo (kutanthauza chipangizo chokoka magetsi) wa 120 W, amene pa 12 V amakoka 10 A, pa 24 V amakoka 5 A yokha. M'waya yemwe uja mumatayika 0.7 V ndi 3.5 W, gawo limodzi mwa magawo anayi a 14 W ya poyamba ija. Ichi ndicho chifukwa chake ma sola akuluakulu amamangidwa pa 24 V kapena 48 V, komanso chifukwa chake nthambo zonyamula magetsi mtunda wautali zimakhala pa ma volt masauzande ambiri.

Choopsa kuposa waya wowonda ndi polumikizira pofooka. Sikulu yosamangitsa kapena nsonga yochita dzimbiri imatha kukhala ndi 0.1 Ω. Nambalayo ndi yaing'ono, koma pa 13 A ikupereka 13 × 13 × 0.1, pafupifupi 17 W, pamalo aang'ono ngati nsonga ya chala. Ma watt 14 a m'waya aja anamwazikana pa mamita 20. Awa aunjikana pamodzi. Pulasitiki imada n'kusungunuka, kutenthako kumawonjezera dzimbiri, resistance imakweranso. Fyuzi siipsa, chifukwa current sinapitirire malire.

Resistance yaing'ono chonchi multimeter wamba siingaiyeze bwino pa Ω, popeza zingwe zake zokha zili ndi resistance yoposa pamenepo. Njira yodalirika ndi kubwerera ku R = V ÷ I. Pa ma system a batire, yatsani katundu, yezani current, kenako ikani multimeter pa mV n'kukhudza mbali ziwiri za polumikizirapo. Mukapeza 15 mV pa 5 A, resistance ndi 0.003 Ω, pali bwino. Mukapeza 0.8 V pa 10 A, ndi 0.08 Ω ndipo pakutayika 8 W. Masulani, palani dzimbiri, mangitsaninso.

Batire nalo lili ndi resistance mkati mwake, ndipo imapezeka m'njira yomweyo. Yezani voltage popanda katundu, tinene 12.7 V. Lumikizani katundu wokoka 10 A, voltage itsike kufika 12.5 V. Kutsika kwa 0.2 V kugawa ndi 10 A kukupereka pafupifupi 0.02 Ω. Pa 150 A, monga pamene starter ya galimoto ikuzungulira, batire limeneli litsika ndi 3 V. Batire likamakalamba nambala imeneyi imakwera, n'chifukwa chake limatha kuonetsa voltage yabwino lili lokha koma n'kugwa likangopatsidwa ntchito.

Nambala yomweyi ikutiuzanso zimene zingachitike pa shoti. Waya wa 2.5 mm² wotalika mamita 3 ali ndi pafupifupi 0.02 Ω. Akalumikiza nsonga ziwiri za batire lathu mwangozi, chotsekereza current ndi 0.02 Ω ya batire ndi 0.02 Ω ya waya basi. 12.7 ÷ 0.04 ndi zoposa 300 A, ndipo I² × R m'waya ameneyu ndi pafupifupi 2,000 W, mphamvu ya ketulo ija, m'waya wopangidwira ma amp ochepera 30. Chikopa chake chimayaka m'masekondi ochepa. Choncho fyuzi imaikidwa pa waya wa positive pafupi kwambiri ndi batire, ndipo kukula kwake kumasankhidwa potengera zimene wayayo angapirire, kuti utali wonse wa waya ukhale kuseri kwa fyuziyo.